Mkaka wa Lachiwiri

Ndimakama mbuzi nyenyezi zisanazime,
woitanira swala asanatsokomole pa chimkuzamawu,
chifukwa chipata chachikasu cha kumapeto kwa mudzi wathu
chilibe wotchi.
Chili ndi mnyamata wa ziphuphu pachipumi
ndi mfuti yomulemera phewa.

Zigubu zinayi kumbuyo kwa galimoto la Tahsin.
Ku Nablus si kutali.
Bambo anga ankapitako pabulu
n'kubwerako tiyi asanazizire, ankatero,
ngakhale iwo nkhani ankaithira mchere.
Ine ndimanyamuka kuli mdima,
kukafika dzuwa lili paliwombo,
ngati ndafika.

Lero mzere wayambira pamkuyu.
Tahsin wazimitsa injini, mafuta adakwera.
Patsogolo pathu aphunzitsi a Buthaina
akuchongera makope pabondo,
eni makopewo akudikira tsidya lija.
Mkulu wina wa impso zotopa
wagwira kalata ya chipatala ndi manja awiri
ngati mbale yodzadza.
Palibe woliza hutala.
Tidaphunzira kuti hutala imatalikitsa msewu.

Podikira, maso amakwera phiri okha.
Paja padayamba kontena imodzi ndi mbendera.
Tidati mphepo ya m'nyengo yozizira iwatsitsa.
Kenako thanki ya madzi, mapolo a magetsi,
kenako madenga ofiira,
ndipo chaka ndi chaka akutsetsereka kulinga kwathu
ngati mthunzi wa madzulo.
Kasupe amene ndinkamwetsako mbuzi
adamuikira mabenchi ndi chikwangwani
cha zilembo zimene ndidaziphunzirira pa zoletsa.

Mitengo yanga ya azitona makumi anayi
ili kuseri kwa waya.
Chilolezo chimati masiku awiri pachaka.
Masiku awiri!
Ngakhale maliro timakhala atatu.

Kumunsiku kuli msewu wawo, wosalala, wopanda mzere.
Sabata yatha mwana wina pampando wakumbuyo
adandibayibitsa pawindo,
dzanja langa n'kuyankha lisanandifunse.
Ndakhala ndikulikalipira dzanjali,
kenako n'kulipepesa.

Dzuwa lafika pazigubu.
Ndikumva mkaka ukusintha maganizo.

"Chiphaso."
Ndampatsa.
Wayang'ana chithunzi, wayang'ana ine,
ngati m'modzi wa ife akunama.
N'zoona, wapachithunziyo tsitsi lake n'lakuda.
Watsegula chigubu, wanunkhiza, wakwinya mphuno.
Ndi wamng'ono kwa mwana wanga Mundhir;
ndevu zake zikadali maganizo chabe.
Wailesi yapachifuwa pake yakhosomola kawiri.
"Lero ayi. Bwererani."
Sadakweze mawu.
Bwenzi zikupepuka akadakalipa.

Rasmiya safunsa.
Akamva galimoto pa ola lolakwika
amangotsitsa timatumba tansalu pamsomali.
Chambiko chidzadontha usiku wonse pamwamba pa beseni,
tho, tho,
mawa adzaumba timipira toyera
n'kutimiza m'mafuta a chaka chatha.
Mashelefu adzadza mabotolo.
Lililonse ndi tsiku limene sindidafike.
Alendo amayamikira kukoma kwake.

Usiku Lujain wabwera ndi samu ya kusukulu:
tawuni ili pa makilomita khumi ndi awiri,
galimoto likuthamanga makumi asanu ndi limodzi pa ola,
lidzafika patatha mphindi zingati?
Waluma pensulo, wandiyang'ana.
"Baba, sadanene ngati chipata n'chotsegula."

Ndamuuza alembe khumi ndi ziwiri,
poti ndi zimene buku likufuna.
Walemba.
Pansi pake, timalemba tating'ono ngati nyerere,
wawonjezera zakezake,
n'kuphimba ndi chigongono.

Kukhola mbuzi yamawanga ija ikulira,
bere lake layamba kale kulemera.
Siidziwa za ziphaso.
Ndatchera alamu pa folo koloko,
ndatsuka zigubu,
ndaziimika chozondoka pakhomo kuti ziume.