Tsitsi la Tawina

Tawina anafika pa sikilini ali wadazi,
mutu see ngati dzira losenda,
ndipo ine, m'kachipinda ka lendi ku Ginnery Corner,
ndimubzale tsitsi Lachisanu lisanakwane.

Pulogalamuyi inabadwira kutali.
Ukadina batani tsitsi limangomera lokha,
lowongoka ngati ndevu za chimanga,
n'kugwera m'mapewa, n'kumavina ndi mphepo yabodza.
Koma Tawina ndi mwana wa ku Mbayani.
Amayi ake akamuzindikira bwanji?

Ndiye ndimakoka tizingwe totsogolera, kamodzikamodzi,
kupota, kupotanso,
kukweza nambala ya mapiringidzo
mpaka fani ya kompyuta kuyamba kubuula
ngati minibasi yodzaza pachitunda cha ku Chilomoni.
Mausi ndiye chipeso changa:
sichithyoka mano,
komanso sichinamvepo mwana akulira.

Lachitatu ndinakwera ya ku Limbe
kukaona Ndaziona, woluka uja wa kuseri kwa msika.
Nditamuonetsa pa foni
anaseka mpaka kugudubuza botolo la mafuta.
"Ameneyu sanagonepo chibadwire," anatero.
"Tsitsi la munthu limakumbukira pilo.
Kunkhongo limaphwatalala,
pachipumi limathothoka ndi malukidwe a chaka chatha,
chiperoni chikatsika limakwinyika, kubwerera kwawo.
Wakoyu ngakhale nsabwe ingaterereke."

Anandisesera zometa za pansi,
n'kundikulungira m'pepala la shuga.

Usiku ndinazimwaza pansi pa nyale.
Palibe tiwiri togwirizana.
Aka kapindikira kumanzere ngati kakukana ngongole,
aka kathyoka pakati,
aka n'kaimvi, kaya n'ka yani.

Basi ndinayamba kuononga.
Ndinakhotetsa mzere wa pakati pamutu,
ndinachepetsa kunyezimira,
ndinasiya timiulu kuseri kwa khutu
kumene chipeso cha m'mawa sichifika
mwana akachedwa kusukulu.
Fumbi la Okutobala ndinalithira pang'ono,
longa mchere wa m'ndiwo.

Zingwe zikwi mazana atatu.
Kompyuta inawerenga chilichonse, thukuta lili kamukamu,
ndipo chithunzi chitafika pa nsidze
magetsi anati phethi.
Mdima bii.
Ndinakhala duu, kumvera jenereta ya eni ake kutsidya,
zala zikupotabe m'malere.

Anayaka tambala atalira kachiwiri.
Ndinayambiranso.

Lachisanu m'mawa, Soche atafunda nkhungu,
Tawina anatembenuza khosi pa sikilini
ndipo tsitsi silinavine.
Linangoti njo, louma mutu, la mzindo,
kuwala kukulowamo n'kusochera.
Dzanja langa linanyamuka lokha
kuti lichotse kaulusi ka bulangete pamwamba pa khutu lake,
chala n'kugunda galasi.
Kaulusiko ndinakaika ndekha dzulo.

Ndinatumiza chithunzi kwa Ndaziona.
Yankho linabwera dzuwa litapendeka:
"Kunkhongoko wayesetsa.
Ubwere naye Loweruka ndidzamuluke,
koma asadzalire."