Fomu ya pa Filiji

Pa chitseko cha filiji, pansi pa maginito ooneka ngati nanazi,
pakhala fomu kuyambira mwezi wa Okutobala.
Anaisindikiza Meklit ku laibulale ya kusukulu kwawo,
n'kulembamo kale dzina langa m'zilembo zikuluzikulu
kuti ine ndingotsala ndi kusaina.
Bolopeni ilipo. Dzanja lilipo.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
ndikuyendetsa basi ya m'mamawa mu Minneapolis.
Ndimadziwa kona imene madzi oundana amabisalira matayala,
ndimadziwa bambo wa chipewa chofiira amene amatsikira pachipatala Lachiwiri lililonse
osanena zikomo, koma amagogoda galasi kawiri.
Msonkho amandidula ngati wina aliyense.
Tsiku la chisankho ndimatula anthu pageti la sukulu,
pobwerera amakwera atamata kapepala pachifuwa,
ine n'kuwatsegulira chitseko
ngati mlendo wothandiza kunyamula mipando paukwati wa eni.

Khadi langa amati lobiriwira.
Latsala ndi miyezi isanu ndi inayi.
Limati ndine wokhazikika,
koma zaka khumi zikakwana ndimalipira, ndimadinda zala,
kupempha kuti kukhazikikako akuonjezere.

Gustafson, mnzanga wa kudepoti, akuti ndikuchedwa ndi chiyani,
mayesowo ndi phala.
Ndinamufunsa mafunso a m'kabukumo tikumwa khofi.
Analephera anayi, n'kuseka mpaka kutsamwa.
Iye sanafunsidwepo ndi munthu. Anangobadwa.

Si mafunso akundivuta, Gustafson.
Dziko langa sililola mwana kuyamwa mabere awiri.
Ndikatenga yakuno, yofiirira ija iyenera kufa,
ija ili m'kabati pansi pa masokosi,
ya chidindo chopendekeka cha tsiku lomwe ndinathamangira ku Dessie
n'kupeza bambo atawakwirira dzulo lake.

Lumbirolo ndinaliyeserera pamathero a msewu, basi ilibe munthu,
injini ikungonjenjemera.
Ndinakweza dzanja lamanja kuloza mipando.
Nditafika pa mawu akuti ndikukana kotheratu,
anandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.
Mwana wasukulu anagogoda chitseko, ndinatsitsa dzanja
ngati ndimakanda mutu.

Mayi pafoni Lamlungu anati pepala silisintha magazi,
saina mwanawe, usavutike.
Kenaka anakhala chete, ndikumva nkhuku kumbuyo kwawo,
n'kufunsa akuseka:
pamaliro anga udzayamba wapempha viza?
Udzaima pamzere wa alendo pabwalo la ndege?
Ndinaseka nawo. Foni itaduka ndinakhala mumdima nthawi yaitali
jekete lili m'thupi.

Meklit sapempha, amalamula.
Anabadwira pachipatala chomwe chija cha bambo wa chipewa chofiira.
Akuti, Ababa, malamulo amasintha ngati nyengo yakuno,
m'mawa dzuwa, masana chipale.
Akadzasintha muli kunja, ndidzakudikirani pageti liti?
Ndinamuuza kuti amalize chakudya.
Anatsuka mbale mwaphokoso, mbale zomwe sizinalakwe.

Amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.
Koma ine sindikusirira nthambi ziwiri.
Ndakhala pa imodzi, mwana wanga wamangapo chisa,
inayo ndi yomwe anandibalirapo,
ndipo munthu wa tayi akundipatsa sowo mwaulemu
kuti ndisankhe ndekha.

Usiku wathawu tulo tinakana.
Ndinatenga lisiti la kugolosale, n'kuyesa siginecha kumbuyo kwake,
koyamba m'zilembo za Chiamhariki zomwe anandiphunzitsa wansembe ndi kabango,
kachiwiri m'zilembo zakuno.
Zonse ziwiri zinapendekera kumanzere.
Zonse ziwiri zinanjenjemera pachilembo chomaliza.

Folo koloko inakwana.
Panja galimoto yokankha chipale inadutsa ikukwecha msewu.
Ndinasuntha nanazi uja, ndinapinda fomu kanayi,
ndinaiika m'thumba la mkati, momwe mumakhala khadi.
Bolopeni ndinaiwala patebulo.
Kudepoti Gustafson amakhala nazo zambiri.