Atatu mwa Asanu

Amai Ziyenela aima pa depoti ya ku Kapata,
matumba khumi ndi awiri a mtedza ayezedwa kale.
Foni ili m'manja, kagudumu kakungozungulira pagalasi.
Sakudziwa kuti akudikira msonkhano.

Ine ndili pamwamba pa sitolo ya utoto,
m'kachipinda ka fani yakhutukumve,
kuwerenga nthawi m'nyenyeswa za sekondi.

Makina athu ndi asanu:
Chipata, Katete, Petauke, Chadiza, Lundazi.
Palibe amene timamkhulupirira payekha.
Wa ku Lundazi amakomoka magetsi akathima.
Wa ku Chadiza, mvula ikagwa, amayankha mawa.
Choncho atatu akavomera, ngwee yalembedwa,
sifufutikanso.

Koma mtsogoleri wao ankafunsa kawiri.
Mwamva? Tamva.
Ndilembe? Lemba.
Kupita ku Petauke, kubwerako, kupitanso,
pomwe mzere wa alimi wafika kwa ogulitsa makala.

Miyezi itatu ndakhala ndikusema funso limodzi kuti lichoke.
Lufeyo, wa desiki ya pazenera, anati:
njira yachidule imadutsa m'munda wa eni.
Sananame.
Usiku wina wa Okutobala tikuyesa,
waya unaduka cha ku Sinda,
atsogoleri anadzuka awiri, aliyense ndi cholembera chake,
thumba limodzi linalipiridwa kawiri.
Mwai, linali buku loyeserera.
Ndinatsika masitepe miyendo ili zii.

Ndiye ndinapatsa utsogoleri uliwonse nambala,
kuti wakale akabwerera mau ake akhale mphepo.
Ndinaphunziranso kwa makondakitala a ku siteshoni:
mauthenga akwere pamodzi,
koma basi isagone podikira mpando wotsala.
Funso lachiwiri ndinalisunga m'kabati,
litulukamo tsiku la mkangano lokha.

Lero Lundazi ali chete kuyambira m'mawa.
Katete wayankha, Petauke wayankha,
Chipata wadziwerengera yekha, atatu akwana.
Foni yalira amai asanamalize kumanga chitenje.

Sanazindikire kanthu.
Akukalipira kalaliki za mtengo wa chaka chino,
akuti sikelo ija imadya.

Usiku magetsi akayaka
Lundazi adzatsitsimuka, adzafunsa anzake zomwe zinamdutsa,
adzakopera mzere ndi mzere, osatsutsa.
Ine nditseka zenera, fumbi la ku Kanjala lachuluka.
Patsala nyenyeswa makumi anai
pakati pa pano ndi Petauke,
ndipo Lufeyo akuti zimenezo ndi za mtunda, osati zanga.
Sindinamuyankhe.