Simbi ya Makala

Adhana ya ku mzikiti wa pa Mpondasi yandidzutsa
tambala wanga asanakumbukire ntchito yake.
Kuseri kwa mpanda wa bango ndikumva Che Ndembo akutawaza:
madzi m'manja katatu, m'kamwa, kumaso, mpaka kumapazi,
mosapupuluma, ngati mlendo wolemekezeka waima pakhomo.
Lamulungu ndi langa ine,
koma ndimalilowa ngati wothamangira basi ya ku Liwonde.

Ndakoleza makala m'simbi.
Malaya oyera aja ndayala pamphasa,
ndawaza madzi ndi zala,
makwinya akuthawa limodzilimodzi.
Kolala yaima njo.
Koma kuseri kwa thumba la pachifuwa
kuli khwinya lina, simbi siifikako.

Lachinayi, pa siteji ya kabaza kumapeto kwa mlatho,
ndinamutukwana Malizani anthu akuona,
kulimbirana mayi wa dengu la tomato
amene aliyense wa ife ankati ndi kasitomala wake.
Ndinatchula ndi amake omwe,
amake omwewo amene bokosi lawo ndinanyamula nawo chaka chatha.
Iye sanayankhe. Anangopukuta chishalo, n'kupalasa.

Amakhala benchi lachitatu, kufupi ndi zenera.
Nanga ikakwana nthawi yopatsana mtendere
dzanja ili ndilibisa m'thumba liti?

Ndaika simbi pamwala, izizire.
Foni ndazimitsa; wofuna kabaza lero ayende pansi.
Ndakhala pa chitsa cha mango,
osapempha kanthu, osanena kanthu,
kungolola phokoso la sabata yonse lidikhe
monga amadikhira matope m'ndowa ya madzi a mu Shire.
Poyamba kwabwera ngongole ya matayala,
kenako fizi ya Tiyanjane,
kenako nkhope ya Malizani, ndipo iyo yakana kuchoka.

Ambuye, ine ndazolowera kulowa m'nyumba mwanu
thukuta lili chuchuchu, nyimbo yoyamba itatha,
maso ali pa nsapato za anzanga.
Lero ndigwireni paphewa.
Mundiphunzitse kugogoda.

Ndasamba madzi ozizira, osafulumira,
kuseri kwa makutu komwe, ngati mwana wopita kukabatizidwa.
Ndalama ya chopereka, yonunkha thukuta ndi fumbi la msewu,
ndaiwongola ndi simbi yofunda ija.
Mai a Tiyanjane andiyang'ana, aseka pang'ono,
sanafunse chifukwa chimene njinga yatsala itatsamira khoma.

Njira ya ku tchalitchi ndi yolunjika, sindinaitsate.
Ndakhotera pa mlambe wobowoka, kudutsa pa mjigo,
dzuwa la kuno layamba kale kuluma pakhosi.
Khomo la Malizani ndi lotseka theka.
M'katimo wina akupukusa simbi, makala akuthetheka.

Belu loyamba lalira.
Mawu onse amene ndinakonza m'njira andithawa.
Ndavula chipewa.
Odi.