Wodula Makiyi Ayankha Kalata

Solveig, kalata yako ya ku Chicago yafika.
Ukuti nditseke kasitoloka, ndikakhale nawe.
Ukufunsa chimene ndikudikira kuno.
Ndaiwerenga katatu nditaima pa kauntala,
makina odulira makiyi akadali otentha,
fumbi la mkuwa lili m'zikhadabo.

Ntchito yanga ndi yoseketsa, ndikudziwa.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ndikudula makiyi
mumzinda umene theka la anthu ake sakiya zitseko.
Obwera kwa ine safuna loko wamkulu.
Amati, "Orrin, ndidulire wina wa mnansi wanga,
azikadyetsa mphaka ndikagonekedwa kuchipatala."
Makiyi anga ambiri ali m'matumba a anthu
amene nyumbazo si zawo.

Msewu wathu waukulu ndi waufupi, sindikana.
Ukayetsemula pa positi ofesi
wina pamlatho amati pepa.
Maloboti ali pamphambano ziwiri zokha,
ndipo ikakwana naini koloko usiku
amangophethira chikasu ngati mlonda wosinza.

Koma folo koloko m'mawa Yesenia wayatsa kale uvuni.
Fungo la buledi limawoloka msewu
n'kudzandigogodera pawindo.
Iye akuti kwina anali mayi wogulitsa buledi basi,
kuno ana amadziwa dzina lake, amadziwanso la galu wake.
Chipale chofewa chikagwa usiku wonse
Tou Vang amakokolola pakhomo panga
asanakokolole pa galaja yake.
Ndikamuthokoza amachita tsinya
ngati ndamutukwana.

Sindikunamiza kuti kuno ndi kumwamba.
Mphepo ya Januwale imaluma mpaka m'mafupa.
Fakitale ya mapepala inatseka, nkhunda ndiye zikugwiramo ntchito.
Miseche imathamanga kuposa basi,
poti basiyo imabwera kawiri patsiku.
Gunhild wa kukhonsolo sanandikhululukirebe
za mtengo umene ndinadula iwe usanabadwe.
Komatu mtsinje utasefukira chaka chija
anali Gunhild yemweyo pambali panga, matope mpaka m'mawondo,
tikupatsirana matumba a mchenga mpaka mbandakucha,
iye akundikalipirabe za mtengowo.

Amayi ako atatisiya unakhala sabata imodzi, n'kubwerera kuntchito.
Sunaone zotsatira.
Mbale zinkafika pakhonde zovundikira, popanda wogogoda,
dzina la mwini litalembedwa kunsi pa kapepala.
Ndinamaliza kubweza mbalezo mwezi wa Malichi,
ndipo pakhomo lililonse ankandikhazika pansi.
Kumalo a khofi kwa Delphine
mpando wa pawindo uja unakhala wopanda munthu chaka chathunthu.
Palibe analamula zimenezo.
Mlendo akalunjika pamenepo, wina ankangomukodola:
"Bwerani kuno, kuno kukufunda."

Kwanuko ndinabwerako, mwanawe.
Nyumba zako zazitali zinandipweteketsa khosi.
Ndinapereka moni mu basi, anthu anayang'ana nsapato zawo.
Chitseko chako chili ndi maloko atatu abwino zedi,
ndinawayamikira monga mmisiri,
koma ndinagona mtima uli m'mwamba.

Kuno ndikachedwa kutsegula ndi mphindi khumi
foni imalira.
Si wofuna kiyi ayi.
Ndi munthu wongofuna kumva kuti ndikupuma.

Ndiye sindikudikira kanthu.
Mawa kukubwera banja latsopano
lomwe lagula nyumba yobiriwira ya kuseri kwa sukulu,
likufuna makiyi anayi.
Ndidula asanu.
Pakutha pa mwezi adzakhala atadziwa woti amupatse.

Mu envulopu muno ndaikamo wako.
Ndaupala bwino, sakakamira.
Uumangirire ku makiyi ako atatuwo,
ngakhale ukadzafika udzangokankha chitseko.