Dzanja Lotsala Pachikuto

Tinalowa asanu m'galaja ya a Namaona ku Chilomoni,
makoma titamata mathireyi a mazira,
matilesi akale titatsamiritsa kuchitseko
kuti aneba asamati tikuitana mizimu.
Ankanenabe.
Mayi wa makala ankalavula tikamadutsa,
ati ana awa avala zakuda koma maliro sakuoneka.

Dzina tinadzipatsa tokha: Dzimbiri.
Nyimbo zachitsulo, zong'amba makutu,
gitala yolira ngati macheka a ku Ndirande akamadya lata,
ng'oma ngati matalala padenga lopanda siling'i.
Ine ndinali wa besi.
Wa besi anthu samuona,
amangomumva m'mimba.

Titajambula nyimbo zitatu ndi theka
Lonjezo anakwera basi ya ku Joni.
Anasiya timitengo take pawindo,
kamodzi kothyoka, komanga ndi tepi,
ndi ngongole ya tchipisi pachiwaya.
Ndinalipira ndine.

Maziko ndi Zaithwa anakangana pa mzere umodzi,
woti kaya Mudi ndi mtsinje kapena ndi bala.
Koma mzere wa nyimbo suthyoletsa mpando.
Panali zina kuseri zomwe ife sitinauzidwe.
Kutacha, ampu kunalibe.
Panatsala malo oyera pasimenti, a ngodya zinayi,
fumbi litawazinga mwaulemu,
ndipo Fatsani anatsala ndi magitala awiri oti aimbe
ndi manja ake awiri omwewo.

Tinabwereka ampu kutchalitchi cha ku Zingwangwa.
Inabwera ndi mnyamata wake, Dziwani,
amene Lamlungu amaombera kwaya ng'oma mofatsa.
Anapempha kuti tiyambe ndi pemphero.
Tinatsinzina.
Kenako anamenya
ngati munthu amene wasunga mkwiyo chibadwire
m'thumba la malaya oyera.

Magetsi ankakonda kuzima Zaithwa ali pakati pokuwa.
Mawu ake ankapitirira okha mumdima,
opanda waya, opanda chowagwira,
agalu a ku Nthukwa n'kumavomera.
Tinkadikira panja tikudya chinangwa chootcha,
iye akumwa jinja ndi mandimu,
aliyense akuwerengera mumtima
amene atsatire kuchoka.

Mukamvetsere nyimbo yachisanu ndi chiwiri.
Theka loyamba ndi Lonjezo, m'mwezi wa Meyi, chiperoni chili pa Michiru.
Lachiwiri ndi Dziwani, chimanga chitamera kale.
Awiriwa sanaonanepo.
Wojambula anawasoka pakompyuta usiku wonse
koma msoko umamveka, kamphindi chabe,
ngati minibasi ikagunda dzenje lomwe dalaivala amalidziwa.
Anthu amati pamenepo ndiye pokoma.
Ine ndikafika pamenepo ndimatsitsa voliyumu.

Gitala ya Maziko ilimo m'nyimbo zinayi.
Anatumiza uthenga kuti tiifufute.
Zaithwa anati, fufutani, mukudikira chiyani?
Ananena akuyang'ana kukhoma.
Palibe anakhudza batani.

Chimbale chinatuluka mu Febuluwale, makope zana.
Makumi atatu anagulidwa,
ena ali pansi pa bedi langa, m'katoni ya sopo.
Dziwani pachithunzi palibe,
dzina lake lokha kumbuyo, nalonso analakwitsa chilembo.
Anaseka, n'kutenga makope awiri, ina ya amayi ake.

Chithunzicho tinajambulitsa kale, tili asanu,
panjanji ya ku Limbe, nkhope zili gwa ngati tikudziwa kanthu.
Tinadulapo awiri.
Koma paphewa langa lamanzere patsala dzanja,
zala zinayi,
mphete yachigaza pachala chapakati,
ija tinagula limodzi pakaunjika.

Wosindikiza wa pa Ginnery Corner anati angathe kulichotsa,
ndi ntchito ya mphindi ziwiri.
Ndinati ndilibe ndalama yowonjezera.
Anati n'zaulere, achimwene.
Ndinayang'ana panja, kunali kusanade n'komwe.
Ndinati minibasi ya ku Chilomoni indisiya.