Chilembo Chopindika

Azimitsa kale magetsi m'Bukaresiti monse.
Smaranda wafunditsa bulangeti makina otaipira
kuti khoma lisamve,
pakuti khoma lino limalandira malipiro.

Akukopera buku lopanda chikuto, la dziko lopeka
kumene apolisi amalemba m'kaundula
ngakhale zimene munthu wabwebweta kutulo.
Waseka chamumtima. Mlembiyo ankayesa kuti akupeka.

Mapepala asanu, kaboni pakati,
lachisanu mbuu, ngati chipale chopondedwa.
Chilembo cha r n'chopindika
ndipo aboma amachidziwa,
anachidinda okha mu Januwale.

Zala zauma gwa. Kandulo yatsala kachidutswa.
Mawa m'basi, pansi pa mbatatesi m'thumba,
mutu wachitatu upita kwa Dorin,
ngati Dorin ndilo dzina lake.